Kodi Amplifaya Imakalamba? Za Makina, Khutu ndi Mawu Athu

Chiyambi

M'matchalitchi, m'mizikiti, m'masukulu ndi m'nyumba zambiri muli amplifaya yomwe yagwira ntchito kwa zaka 10 kapena 20. Pakapita nthawi pamayamba kumveka madandaulo akuti "yatopa", "mawu ake afa", kapena "siikugunda ngati kale". Komiti imakhala pansi, anthu amasonkha ndalama, yatsopano imagulidwa, ndipo yakaleyo imakaponyedwa m'chipinda chosungiramo katundu. Palinso ena omwe amaganiza mosiyana. Iwowa amati zipangizo zakale ndiye zinali zenizeni, ndipo amalolera kulipira ndalama zambiri kuti apeze amplifaya ya m'zaka za m'ma 1970, ngati kuti mwambi uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera umanenanso za makina. Magulu awiriwa amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti zaka zimasintha kamvekedwe ka amplifaya.

M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti amplifaya siikalamba thupi lonse monga amachitira munthu. Ziwalo zake zochepa, zodziwika bwino, ndizo zimatha, ndipo zambiri mwa izo zimasinthika. Gawo lina la kusintha komwe timamva limachitika m'zipangizo zina zolumikizidwa nayo, lina m'khutu mwathu, ndipo lina m'mawu omwe timasankha pofotokoza zomwe tamva. Monga wophunzira za chiyankhulo, gawo lomalizali ndilo lidandikoka, chifukwa mneni yemwe timagwiritsa ntchito amatha kugamula mlandu makinawo asanatsegulidwe n'komwe.

Ntchito ya amplifaya

Munthu akamayankhula, mpweya umanjenjemera. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala timagetsi tofooka kwambiri, tosakwana ngakhale volti imodzi. Timagetsi timeneti sitingathe kugwedeza sipika. Ntchito ya amplifaya ndi kutenga mphamvu kumagetsi a pakhoma kapena kubatire n'kupanga magetsi amphamvu omwe amakwera ndi kutsika mofanana ndendende ndi timagetsi tija. Tingaifanizire ndi mlembi wokopera kalata m'zilembo zikuluzikulu, yemwe saloledwa kuchotsa kapena kuwonjezera liwu.

Motero tikanena kuti amplifaya yatha mawu, payenera kukhala chimodzi mwa zinthu zinayi izi: ikusiya maliwu ena, monga a pansi kapena a pamwamba, ikupotoza maliwu, ikuwonjezera phokoso lakelake, kapena mphamvu zake zachepa. Zinayi zonsezi zimayezeka ndi zida. Liwu limayezedwa powerenga kuti mpweya wanjenjemera kangati pa sekondi, ndipo muyezowu umalembedwa kuti Hz, potengera dzina la Heinrich Hertz. Liwu la ng'oma yaikulu lili ndi ma Hz ochepa, pomwe la wenzulo lili ndi ambiri.

Ziwalo zomwe zimatha

Chiwalo choyamba kutha m'maamplifaya ambiri ndi kapasita, makamaka ya mtundu womwe umakhala ndi timadzi m'kati. Magetsi a pakhoma m'Malawi muno amasinthasintha mbali pa 50 Hz, pomwe amplifaya imafuna magetsi oyenda mbali imodzi mosadukiza. Akawongoledwa, magetsiwa amabwerabe modumphadumpha maulendo 100 pa sekondi. Kapasita imagwira ntchito ngati thanki ya madzi: imadzaza magetsi akabwera, n'kumatulutsa pang'onopang'ono podikira ena. M'kati mwake muli timapepala ta aluminiyamu tokulungidwa pamodzi ndi pepala lonyowetsedwa ndi mankhwala, ndipo kukamwa kwake n'kotsekedwa ndi mphira. Timadzi ta mankhwalati timauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha ndiko kumafulumizitsa kuumako.

Opanga makapasita amalengeza moyo wake m'maola. Yambiri imakhala ya maola 2,000 pa kutentha kwa madigiri 85, ndipo lamulo lomwe akatswiri amatsata ndi lakuti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umawirikiza kawiri. Ndiye kuti pa madigiri 45 kapasita yotere ikhoza kukwanitsa maola 32,000. Ngati amplifaya imayatsidwa maola 4 patsiku, zimenezi ndi zaka pafupifupi 22. Koma pa madigiri 65 maolawo amatsika kufika pa 8,000, zomwe ndi zaka zosakwana 6. Apa tikuona kuti maamplifaya awiri opangidwa tsiku limodzi akhoza kusiyana kutalitali. Ina ili pamalo opita mphepo ku Dedza, pomwe inzake yatsekeredwa m'kabati pansi pa denga la malata ku Nsanje m'mwezi wa Okotobala, timabowo take totulutsira kutentha titatsekeka ndi fumbi. Chomwe chawerengedwa apa ndi kutentha ndi maola, osati zaka zapakalendala.

Kapasita ikauma, sipika imayamba kung'ung'uza ngakhale pomwe palibe woyankhula, besi imafooka, ndipo mukakweza voliyumu mawu amasweka msanga. Nthawi zina kapasitayo imaoneka yotupa pamwamba. Kusunga amplifaya osaiyatsa sikuiteteza kwathunthu, chifukwa kapasita yokhala zaka zambiri osalandira magetsi nayo imawonongeka. Komanso utsopano si chitsimikizo. Pakati pa 1999 ndi 2007 padziko lonse padafala makapasita omwe mankhwala ake adasakanizidwa molakwika, ndipo makompyuta ndi zipangizo zina zambiri zidafa zisanathe zaka zitatu, pomwe mawailesi a m'ma 1980 ankalirabe.

Malo achiwiri omwe amavuta ndi paliponse pomwe zitsulo ziwiri zimakhudzana. Kuseri kwa chokwezera voliyumu kuli kachitsulo komwe kamayenda pa kanjira ka makala. Fumbi likalowa kapena kanjirako kakaperepeseka, mawu amathetheka mukamapotokola. Masiwichi ndi malo olowetsa mawaya amachita dzimbiri, makamaka m'nyengo ya dzinja pomwe chinyezi chimachuluka. Mtovu womwe adawotcherera ziwalo umang'aluka chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku. Zotsatira zake, sipika imodzi imadukizadukiza kapena kuleka kumene. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'katimo ndipo zimasiya zonyansa. Mavuto amenewa amaoneka aakulu kwa womvera, koma kwa wokonza ndi ntchito ya kutsuka ndi kuwotcherera.

Nanga ziwalo zenizeni zokuza mawu? Pali mitundu iwiri. Wakale ndi valavu, yomwe imaoneka ngati babu. Lee de Forest adapanga valavu yokhoza kukuza timagetsi mu 1906. M'kati mwake muli kachitsulo komwe kamatenthedwa kuti kazitulutsa magetsi, ndipo mankhwala omwe adapaka pa kachitsuloko amatha ndi ntchito. Mavalavu aakulu amafooka pakatha maola masauzande ochepa, ndipo mphamvu za amplifaya zimatsika pang'onopang'ono. Uku ndiko kutha komwe kumafanana ndi ukalamba. Komabe opanga ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake valavu imazulidwa ndi kubwezeretsedwa monga babu. Oimba gitala ambiri amagwiritsabe ntchito maamplifaya a mavalavu mpaka lero, ndipo kusintha valavu kwa iwo n'chizolowezi ngati kusintha nsambo.

Mtundu wachiwiri ndi transista, yomwe idapangidwa mu 1947 ku Bell Laboratories ndi John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley. Pafupifupi amplifaya iliyonse yomwe timaiona m'tchalitchi kapena pasukulu ndi ya mtundu umenewu. Transista ilibe kachitsulo kotenthedwa ndipo ilibe timadzi touma. Kawirikawiri imagwira ntchito bwinobwino kwa zaka makumimakumi, ndipo ikafa imafa mwadzidzidzi chifukwa cha kutenthedwa kopitirira, kugundana kwa mawaya a sipika, mphenzi, kapena magetsi obwera mwamphamvu. Zina zakale zimayamba kasokosera, koma n'zochepa. Kuwonjezera apo, mu 1927 Harold Black adatulukira njira yomwe amplifaya imabwezera kagawo ka zomwe yatulutsa kuti izifananize ndi zomwe zalowa, n'kudziwongolera yokha. Chifukwa cha njira imeneyi, ziwalo zikasintha pang'ono ndi zaka, kamvekedwe sikasintha mpaka vutolo litakula.

Olakwa ena

Amplifaya siigwira ntchito yokha. Ili pakati pa maikolofoni ndi sipika, ndipo ziwirizi zili ndi ziwalo zoyenda, zomwe zimatha msanga kuposa ziwalo zongokhala. M'mphepete mwa sipika zambiri za m'nyumba muli siponji yofewa yomwe imayamba kuyoyoka pakatha zaka 10 mpaka 20, ndipo besi imayamba kumveka ngati pepala long'ambika. Kasipika kakang'ono kotulutsa maliwu a pamwamba kamapsa mosavuta amplifaya ikamakwezedwa kupitirira mphamvu zake, monga zimachitikira paukwati kapena pamsonkhano wa pabwalo. Kakapsa, bokosi lonse limalirabe, koma mawu amamveka ngati a munthu woyankhulira m'bulangeti. Maikolofoni imadzaza malovu ndi fumbi. Pa wailesi ya kaseti, kamutu kowerenga tepi kamada ndi kuperepeseka, ndipo lamba akatamuka nyimbo imayenda motsimphina. Masiku ano nyimbo zambiri zimachokera pafoni, zina zitapanikizidwa kwambiri kuti zitumizike mosavuta. Ngakhale chipinda chimasintha: tchalitchi chikakuzidwa, amplifaya yomwe inkakwanira imayamba kukwezedwa mpaka kusweka mawu. Pa zonsezi chala chimaloza amplifaya, chifukwa ndiyo ili ndi magetsi owala ndi zopotokola.

Khutu nalo limasintha

Mwana wa makutu abwino amamva maliwu kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, momwe muli timaselo ta tsitsi toposa 15,000. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso, ndipo toyamba kufa ndi tomwe timamva maliwu a pamwamba. Zimenezi zimayamba munthu akadali wamphamvu zake, ndipo phokoso limazifulumizitsa. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibelo 85 lisapitirire maola 8 patsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo 3 nthawiyo izidulidwa pakati. Pa madesibelo 100 nthawi yotetezeka ndi mphindi 15 zokha. Tsono taganizirani za bambo yemwe wakhala akuyendetsa zokuzira mawu kwa zaka 20 ali pafupi ndi sipika. Iyeyo ndiye komiti imamufunsa ngati amplifaya yatha, chonsecho makutu ake ndiwo alandira phokoso lambiri kuposa a wina aliyense.

Chikumbumtima cha kamvekedwe nacho n'chachifupi. Tsatanetsatane wa liwu lomwe tamva amakhala m'mutu kwa masekondi ochepa chabe. Chomwe timakumbukira pakatha zaka ndi chisangalalo cha tsiku lomwe makinawo adafika, osati kamvekedwe kenikeniko. Komanso maso amalowerera pa ntchito ya khutu. Mu 1976 Harry McGurk ndi John MacDonald adaonetsa kuti anthu akamva liwu lakuti "ba" uku akuonera milomo yotchula "ga", ambiri amati amva "da". Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive adapeza kuti anthu omwewo amapereka malikisi osiyana kwa masipika omwewo malinga ndi kuti akuwaona kapena abisidwa kuseri kwa nsalu. Ngati maso angasinthe lembo lomwe tamva, bokosi lokalikakalika ndi la dzimbiri silingalephere kutimveketsa mawu otopa.

Mawu omwe timafotokozera

Chichewa chili ndi mawu ochepa omwe ntchito yawo ndi kufotokoza kamvekedwe kokha, motero timabwereka kwina. Timati nyimbo "ikukoma", potengera lilime. Timati besi "ikulemera", mawu ndi "opyapyala" kapena "ouma", potengera manja ndi maso. Olemba za zipangizozi m'Chingerezi nawo amachita chimodzimodzi pomwe amati kamvekedwe n'kofunda kapena kowala. Mneni wakuti "kumva" amanyamula zambiri: timamva phokoso, timamva kuwawa, timamva fungo, timamvanso tanthauzo. Dzina lakuti "mawu" limaimira liwu la munthu, zomwe wanena, ndi kulira kwa chipangizo. Choncho gogo akati "sindikumva mawu", sitidziwa ngati voliyumu yachepa, ngati maliwu ena asowa, kapena ngati mlaliki akuthamanga. "Mawu aakulu" akhoza kukhala okweza kapena a besi. Kusokonekera kotere kulibe vuto pocheza, koma kumakhala ndi mtengo pomwe chigamulo chake ndi kugula chipangizo.

George Lakoff ndi Mark Johnson, m'buku lawo la 1980 lotchedwa Metaphors We Live By, adafotokoza kuti mafanizo a m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku amatsogolera maganizo ndi zochita zathu. Izi zikuoneka bwino pa nkhani ino. Tikati amplifaya "yatopa", "yakalamba" kapena "yafa", taipatsa umunthu, ndipo pamodzi ndi umunthuwo tabweretsa zonse zomwe timadziwa za ukalamba: umagwira thupi lonse, subwerera m'mbuyo, ndipo ulibe mankhwala. Fanizoli likangolowa m'kaundula wa zokambirana za komiti, kukonza kumaoneka ngati kutaya ndalama. Koma taona kale kuti makina amatha chiwalo chimodzichimodzi, ndipo chiwalo chatsopano chimabwezeretsa zomwe zidatayika. Fanizo loyandikira choonadi ndi la njinga, yomwe matayala ndi tcheni zimasinthidwa koma felemu imakhalapobe.

Chosangalatsa n'chakuti chiyankhulo chomwechi chili ndi aneni ena olunjika kwambiri, ambiri mwa iwo ochokera ku mvekero. Bambo wina wokonza mawailesi, nditawafunsa momwe amadziwira vuto, adandiyankha kuti: "Mwanawe, munthu akandiuza kuti yatopa sanandiuze kanthu. Andiuze kuti ikulira bwanji." Ndidawafunsanso kuti, "Nanga bambo, akanena kuti ikung'ung'uza?" Iwo adati pamenepo amayamba ndi makapasita kapena waya wa maikolofoni. Ikamathetheka popotokola, amatsuka chokwezera voliyumu. Ikamadukiza, amafufuza mtovu wong'aluka. Ikamasasa pokhapokha mwakweza, amayang'ana sipika ndi mphamvu ya magetsi. Mneni aliyense mwa awa amaloza malo ake, pomwe "kutopa" sikuloza paliponse.

Zomwe chiyankhulo chimataya

Kwa ife a zachiyankhulo, funso lofunika ndi lakuti ndi maliwu ati a Chichewa omwe amasowa zipangizo zikafooka. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa mofanana koma amatchulidwa mosiyana, monganso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona. Kusiyana kumeneku kumakhala m'maliwu a pansi, pafupifupi 85 mpaka 255 Hz kwa anthu aakulu, ndipo n'kolimba modabwitsa. Telefoni yakale inkadutsitsa maliwu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha, koma anthu ankamvana, chifukwa ubongo umazindikira kukwera kwa liwu kuchokera ku maliwu ena omwe amatsagana nalo.

Osalimba ndi maliwu monga "s" ndi "f". Mphamvu yambiri ya "s" ili pamwamba pa 4,000 Hz, ndipo chigawo chimenechi chikadulidwa "kusula" ndi "kufula" amayandikana. Kampweya komwe kamasiyanitsa "phala" ndi "pala", kapena "khula" ndi "kula", n'kofooka, ndipo phokoso limakakwirira mosavuta. Ndiye ngati anthu akudandaula kuti akumva liwu la woyankhula koma sakutola zomwe akunena, pokayikira poyamba ndi pa kasipika ka maliwu a pamwamba, maikolofoni, chipinda cha malubwelubwe, kapena makutu a omvera. Kapasita youma kawirikawiri imaba besi ndi kubweretsa kung'ung'uza, osati kuchotsa "s".

Mfundoyi ikukhudzanso ntchito yosunga chiyankhulo. Nthano, nyimbo za makolo ndi zoyankhula za akuluakulu zambiri zidajambulidwa pa makaseti, omwe kampani ya Philips idayamba kutulutsa mu 1963. Wofufuza yemwe akuzisamutsira pa kompyuta pogwiritsa ntchito makina a kamutu kakuda amasunga mawu opanda maliwu a pamwamba, ndipo odzamvera m'tsogolo akhoza kuganiza kuti umo ndimo anthuwo ankatchulira. Apa kuyeza chipangizo musanayambe ntchito n'kofunika ngati kulemba dzina la mudzi ndi tsiku lojambula.

Pomaliza

Yankho la funso lathu ndi lakuti inde, amplifaya ikhoza kutsika kamvekedwe pakapita nthawi, koma chifukwa cha ziwalo zowerengeka: makapasita ouma, malo okhudzana a dzimbiri, mtovu wong'aluka ndi mavalavu otha. Ikasamalidwa ndi kusinthidwa ziwalo zimenezi, amplifaya ya zaka 30 ikhoza kumveka monga inkamvekera ili yatsopano. Zaka sizikometsanso mawu. Zakale zomwe timazitama lero ndi zija zidapangidwa bwino n'kupulumuka, pomwe zinzake zosalimba zidatayidwa kalekale.

Musanagamule, pali mayeso osafuna ndalama. Bwerekani amplifaya ina, muilumikize ku sipika ndi maikolofoni zomwezo. Muonetsetse kuti zonse ziwiri zikulira mofanana kukweza kwake, chifukwa khutu limakonda yokwezeka ngakhale pang'ono. Omvera asaone yomwe ikulira, ndipo pakhale achinyamata ndi achikulire. Ngati vuto latsala, si la amplifaya. Ngati lachoka, pitani nayo kwa wokonza, osatsegula nokha, popeza makapasita aakulu amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazimitsa. Zifukwa zabwino zogulira yatsopano zilipo: thiransifoma ikapsa mtengo wokonzera ukhoza kuposa wogulira, ndipo maamplifaya ambiri amakono ndi opepuka komanso amadya magetsi ochepa, zomwe n'zothandiza kwa odalira sola kapena batire. Koma zifukwa zimenezi zitchulidwe ndi maina ake. Popita kwa wokonza, tisiye mneni wakuti "yatopa" kunyumba, tinyamule wakuti ikung'ung'uza, ikuthetheka, ikudukiza kapena ikusasa.